Nandolo wa mayi ndi mpweya wa m'mimba mwa khanda: chimafika ku bere n'chiyani?

Mlamu wanga wa ku Chitakale atachira mwana wake woyamba, ndinakamuona khandalo lili ndi masabata 5. Unali mwezi wa Ogasiti, nthawi imene nandolo wamuwisi amakhala mbwee m'misika kuyambira ku Limbuli mpaka ku Luchenza, ndipo pakhomopo anali ataphika mphika wathunthu wothira tomato ndi anyezi. Tonse tinadya, kupatula munthu mmodzi yekhayo amene thupi lake linkafuna ndiwozo kuposa ife tonse. Iye anamuikira nsima ndi tiusipa tiwiri pambali. Nditafunsa, anganga ake a mwanayo anayankha mosakayika: "Mwanayu akuvutika ndi mpweya, usiku sitikugona. Amake akadya nandolo, akadya kabichi, zonse zikuthera mwa mwana." Zoletsedwazo zinalipo zambiri: mbatata, nyemba, mazira, tsabola, chinanazi, malalanje. Chotsala chinali nsima, phala ndi tiyi, ndipo tiyiyo ankamwa makapu 5 kapena 6 patsiku, ati kuti mkaka ubwere.

Anganga sankanama pa zimene maso awo ankaona. Mwana ankaliradi, makamaka dzuwa likamalowa. Ankapinda timiyendo, nkhope n'kufiira, kamimba kali gwa, ndipo akaphwisa ankakhalako chete kwa kanthawi. Zonsezo zinali zoona. Anangophonya pogwira wakuba: anamanga nandolo, tiyi n'kumusiya akuyenda mfulu.

Ulendo wa nandolo m'thupi la mayi

Ambirife timaganiza ngati pali paipi yochoka m'mimba mwa mayi kupita ku bere, kuti chimene wameza masana chimatsikira momwemo n'kukafika kwa mwana madzulo. Paipi imeneyo kulibe. Chakudya chimagayidwa m'chifu ndi m'matumbo aang'ono mpaka chisanduke tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo tizidutswa timeneto ndi timene timadutsa khungu la matumbo n'kulowa m'magazi. Mkati mwa bere muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri tozunguliridwa ndi timitsempha ta magazi. Timatumbato timasankha m'magazi madzi, shuga, mafuta ndi zomanga thupi n'kupanga mkaka. Ndiye kuti mkaka umachokera m'magazi, ndipo chimene sichinalowe m'magazi sichingapezeke mumkaka.

Tsono tione nandolo. Iye, nyemba, khobwe ndi nzama ali ndi mtundu wina wa shuga, wotchedwa raffinose ndi stachyose, umene thupi la munthu lilibe timadzi tougayira. Shuga ameneyu amangodutsa m'matumbo aang'ono osakhudzidwa mpaka kukafika m'matumbo aakulu, kumene kumakhala mabakiteriya osawerengeka. Iwo ndiwo amamudya, ndipo akamadya amatulutsa mpweya, monga mmene mowa wamasese umachitira thovu ukamawira mumtsuko. Kabichi, mpiru, anyezi ndi mbatata nazonso zili ndi zina zosagayika zimene zimathera kwa mabakiteriya omwewo. Mpweyawo umatuluka njira imene tonse tikuidziwa. Wochepa umalowa m'magazi n'kutuluka kudzera m'mapapo mayi akamapuma. Supita kukakhala thovu mumkaka.

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Chimene chimachititsa kuti nandolo atupitse mimba ndi kusagayika kwake, ndipo kusagayika komweko ndi kumene kumamutsekera njira ya ku bere. Mbali ya nandolo imene imafika kwa mwana ndi imene yagayika bwino: zomanga thupi, mphamvu, mavitamini. Yobweretsa mpweyayo imatsala mwa mayi.

N'chimodzimodzi ndi thovu la zakumwa za m'botolo: limathera m'chifu, mayi n'kugeya. Chinanazi cha ku Mulanje, mandimu ndi malalanje sizisasitsa mkaka, chifukwa impso ndi mapapo zimasunga asidi wa m'magazi pa mlingo umodzi usana ndi usiku, munthu adye zowawasa kapena ayi.

Nanga mpweya wa mwanayo ukuchokera kuti?

Ukuchokera kuwiri. Wina amameza, wina umapangidwa m'matumbo mwake.

Womezawo ndi umene tingauchepetse, ndipo kawirikawiri umayamba ndi kagwiridwe ka bere. Khanda logwira bwino limayasamula kwambiri, limalowetsa m'kamwa mbali yaikulu ya pakuda pa bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, chibwano chimagunda bere, ndipo masaya amakhala odzaza. Mimba yake imayang'anizana ndi mimba ya mayi, khosi losapotoka. Likangogwira nsonga yokha, m'mbali mwa milomo mumatsala mpata. Mumamva kaphokoso ka "thya, thya" likamayamwa, masaya amalowa mkati, mayi amamva kuwawa ndipo nsonga imang'ambika. Kaphokoso kalikonse koteroko ndi mpweya umene walowa. Mlamu wanga ankayamwitsa atawerama, mwana atagona chagada pamiyendo, mutu wokha utatembenukira ku bere. Yesani inuyo kumwa thobwa mutayang'ana paphewa panu, muone.

Mwina vuto limakhala kuchuluka kwa mkaka. Amayi ena, makamaka m'masabata oyamba kapena bere likakhala nthawi losayamwidwa, mkaka umatuluka ngati mpopi wotsegula wonse. Mwana amameza mothamanga, amatsamwa, amasiya bere n'kulira, kenako n'kuligwiranso, ndipo nthawi iliyonse akumeza mpweya. Mankhwala ake ndi osavuta: kufinyako pang'ono mkaka woyamba kutuluka mwamphamvuwo, kapena mayi kutsamira chagada pang'ono kuti mwana akhale pamwamba, mkaka uzikwera m'malo motsetsereka.

Kulira nakonso kumamezetsa mpweya. Pano m'pamene ambiri timasokoneza mutu ndi mchira. Timaona mwana walira ola lathunthu, kenako waphwisa kangapo, ife n'kunena kuti mpweya ndi umene umamuliza. Nthawi zambiri kulirako ndi kumene kunadzaza mpweyawo. Mwana akayamba kunyambita milomo, kutembenuza mutu uku ndi uku, kuika chibakera m'kamwa, ndiye kuti akupempha bere. Tikadikira kuti alire kaye, amafika pa bere m'mimba muli kale mpweya, ndiponso ali wokwiya moti sagwira bwino.

Wopangidwa m'matumbowo ndi nkhani ina, ndipo mbali yake yaikulu si matenda. Mkaka wa m'mawere uli ndi shuga wake wotchedwa lactose, pafupifupi magalamu 7 pa mamililita 100 aliwonse, ndipo bere limamupanga lokha, mayi amwe mkaka wa ng'ombe kapena asamwe. Ulinso ndi mitundu ina yambiri ya shuga imene mwana sangaigaye n'komwe. Imeneyi si ya mwana, ndi chakudya cha mabakiteriya abwino amene akukhazikika m'matumbo mwake kuti azimuteteza ku matenda otsegula m'mimba. Mabakiteriya akamadya amatulutsa mpweya, mwa khanda ngati mwa wamkulu. Ndiye khanda loyamwa bwino liyenera kuphwisa, ndipo kangapo patsiku.

Pali kanthu kena pa lactose kamene amayi ambiri sauzidwa. Mkaka woyamba kutuluka m'bere lodzaza umakhala wamadzimadzi, mafuta ake ochepa. Bere likamapepuka mafuta amachuluka. Mafutawo amachedwetsa mkaka m'chifu kuti ugayike pang'onopang'ono. Mayi amene ali ndi mkaka wambiri akamasinthasintha mwana, mphindi zitatu bere ili, mphindi zitatu linalo, mwana amakhuta wamadzimadzi wokhawokha. Umathamanga m'matumbo, lactose wambiri amafika kwa mabakiteriya asanagayike, ndipo zotsatira zake ndi mpweya wochuluka ndi chimbudzi chobiriwira cha thovu, chotuluka mophulika. Anthu akaona kubiriwirako amati mayi wadya masamba ambiri. Nkhwani alibe mlandu. Mwana asiyidwe amalize bere limodzi mpaka alisiye yekha, kenako apatsidwe linalo ngati akufunabe.

Kubuula ndi kudzikakamiza kuja, nkhope n'kufiira ngati munthu wonyamula thumba la feteleza, nakonso kuli ndi chifukwa chake. Kuti munthu achite chimbudzi amafinya mimba uku akumasula kumunsi, zonse nthawi imodzi. Khanda silinaphunzire kugwirizanitsa ziwirizi: limafinya konsekonse. Limatha kulimbana mphindi 10 kapena kuposa, kenako n'kutulutsa chimbudzi chofewa bwinobwino. Ngati chikutuluka chofewa, sikudzimbidwa kumeneko, ndipo zimatha zokha. Komanso mwana woyamwa bere lokha akapitirira masabata 6 akhoza kukhala masiku angapo osachita chimbudzi, koma ali bwino, akuyamwa, akukodza ndi kuphwisa.

Kalendala ya kulira

Chinthu chimene ndikanakonda mayi aliyense auzidwe asanatuluke m'chipatala ndi ichi: kulira kwa makanda kuli ndi nyengo yake. Kumayamba kukwera cha pa masabata 2, kumafika pachimake cha pa masabata 6, kenako kumatsika, ndipo pofika miyezi 3 kapena 4 kumakhala kutachepa kwambiri. Dokotala wa ana wa ku America, T. Berry Brazelton, analemba zimenezi mu 1962. Mnzake Morris Wessel, mu 1954, ndi amene anaika mlingo wa kulira kopitirira, kumene madokotala amakutcha colic: maola oposa 3 patsiku, masiku oposa 3 pa sabata, kwa masabata oposa 3, mwa mwana amene akukula bwino. Pafupifupi khanda limodzi mwa 5 limadutsa m'zimenezi, la pa bere ndi la pa botolo lomwe, ku Thekerani ngati ku London.

Kalendala imeneyi ndi imene imasunga zikhulupiriro zathu zamoyo. Banja limafika potopa mwana ali ndi masabata 5 kapena 6, pamene kulira kwakwera. Ndi nthawi imeneyo pamene mayi amaletsedwa nandolo, pamene amagula mankhwala pa golosale, pamene amapita kwa agogo odziwa zitsamba. Pakangopita masabata angapo kulira kumatsika, monga kukanatsikira ngakhale pakanapanda kuchitika kalikonse, ndipo aliyense amaombera m'manja njira yake. Tambala amalira kunja n'kucha, koma si iye wachetsa.

Zimene zimadutsadi

Sindikunena kuti chakudya cha mayi sichikhudza mkaka. Chilichonse chaching'ono moti n'kulowa m'magazi chikhoza kufika.

Fungo ndi kakomedwe zimafika. Adyo, anyezi ndi zokometsera zina zimasintha fungo la mkaka patapita maola ochepa. Mu 1991 Julie Mennella ndi Gary Beauchamp a ku Philadelphia anapatsa amayi oyamwitsa adyo, ndipo makanda awo anakhalitsa pa bere kuposa masiku ena. Sanakane, anakonda. Mwana amayamba kulawa zakudya za kwawo ali m'mimba, amapitiriza pa bere, ndipo zimenezi zimamuthandiza kuzizolowera akadzayamba kudya. Kambuzi nayenso amadutsako pang'ono. Ngati mayi ankadya tsabola ali woyembekezera ndipo mwana sakusonyeza chachilendo, palibe chifukwa chosiyira.

Tsono tiyi. Kuno kwathu, kumene minda ya tiyi imafika mpaka m'mbali mwa msewu, timamuona ngati madzi. Koma mu tiyi muli caffeine, mankhwala achilengedwe othamangitsa tulo, mamiligalamu pafupifupi 40 kapena 50 pa kapu, ndipo wowiritsa mupoto mpaka kuda bii amaposa pamenepo. Amene amafika mumkaka ndi wochepa, koma vuto lili pa chiwindi cha khanda. Munthu wamkulu amachotsa theka la caffeine m'thupi pa maola 5 kapena kuyandikira apo. Khanda longobadwa kumene limatenga masiku 3 kapena 4 kuti lichotse theka lomwelo, ndiye wa lero amapeza wa dzulo akadalimo. Zotsatira zake si mpweya koma kusagona, kudzidzimuka ndi kuvuta, zimene ife timazitcha mpweya. Malangizo ambiri amati mayi woyamwitsa asapitirire mamiligalamu 200 mpaka 300 patsiku, kuwerengera pamodzi tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zadzaza m'mashopuzi. Makapu awiri kapena atatu a tiyi wopepuka alibe vuto. Asanu ndi limodzi akuda, mwana ali ndi mwezi umodzi, ndi ambiri. Mwana akafika miyezi 3 kupita m'tsogolo chiwindi chake chimayamba kugwira ntchitoyi mofulumira. Tiyi ali ndi mlandu winanso: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likanatenga, pamene mayi wangotaya magazi pochira. Ndi bwino kumwa patapita ola limodzi kapena kuposa mutadya.

Mkaka wa ng'ombe ndi chakudya chimodzi chimene madokotala amachikayikira moyenera. Tizidutswa ta zomanga thupi za mumkakawo timatha kudutsa mpaka mumkaka wa mayi, ndipo ana ena matupi awo amadana nato. Koma ndi ochepa: mwa oyamwa bere lokha ndi pafupifupi mmodzi mwa 200. Ndipo sizioneka ndi mpweya wokha. Pamakhala timizere ta magazi kapena zonanda m'chimbudzi, zidzolo zouma zoyabwa pamasaya ndi m'mapindo, kusanza pafupipafupi, kapena kusakwera sikelo. Mayi wa ku Bvumbwe amene ali ndi ng'ombe yake ya mkaka pakhomo asaleke kumwa chifukwa mwana waphwisa. Koma zizindikirozi zikaoneka, apite kuchipatala, ndipo akalangizidwa kusiya, asiye zonse, mkaka wauwisi, wa ufa, chambiko ndi yogati, kwa masabata 2 mpaka 4, kenako ayesenso. Kuyesanso kumeneko n'kofunika, chifukwa ndi kumene kumatsimikiza ngati wolakwa anali mkakadi.

Mowa umalowa mumkaka pa mlingo womwewo umene uli m'magazi, ndipo umatuluka magazi akayera. Botolo limodzi limafuna maola pafupifupi 2, ndipo kufinya n'kutaya mkaka sikufulumizitsa. Zoti masese amawonjezera mkaka si zoona: mowa umachedwetsa kutsika kwa mkaka, mwana amayamwa wochepa ndipo tulo take timakhala tosokonekera. Fodya, wosuta kapena wa m'mphuno, amafikanso, ndipo makanda okhala mu utsi wa fodya amalira kopitirira kuposa anzawo. Bambo wosuta achite zimenezo panja.

Ndinene pang'ono za kalongonda, popeza ndife a kuno. Iye alibe mlandu wa mpweya wa mwana, koma ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa L-dopa, omwe aja amachititsa chizungulire ndi nseru akaphikidwa mothamanga. M'thupi mankhwalawa amasanduka dopamine, amene amatsitsa homoni yopangitsa mkaka. Amayi athu amene amamuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi kangapo amadziwa chimene akuchita, ndipo woyamwitsa asadye wophikidwa mwachidule.

Kuti ndisakondere mbali imodzi: mu 1996 ku America kunachitika kafukufuku amene anafunsa amayi oyamwitsa zimene anadya ndi mmene ana awo analirira, ndipo kabichi, anyezi, mkaka wa ng'ombe ndi chokoleti zinatchulidwa. Koma kunali kungofunsa zimene amayi akukumbukira, ndipo mayi amene anauzidwa kale kuti kabichi ndi woipa amakumbukira kabichi usiku umene mwana wavuta. Ngakhale zili choncho, mayi ndi amene amakhala ndi mwana wake, ndipo ngati waona mobwerezabwereza kuti chakudya china chake chikutsatana ndi usiku woipa, asanyozedwe. Achite mwadongosolo: asiye chimodzi chokhacho kwa sabata imodzi kapena ziwiri, osasintha china chilichonse, kenako adyenso. Vuto likachoka n'kubwereranso, ndiye kuti wapeza kanthu. Likapanda kusintha, chakudyacho chibwerere m'mbale. Kusiya zakudya 8 tsiku limodzi sikuphunzitsa kanthu, kumangoonda mayi.

Ndipo kuondako si nkhani yaing'ono. Mayi woyamwitsa mwakathithi amapanga mkaka pafupifupi mamililita 750 patsiku, ndipo thupi lake limafuna mphamvu yowonjezera ya makalori pafupifupi 500. N'chifukwa chake ku sikelo amati adye kawiri kowonjezera pa mmene amadyera, kuchokera m'magulu onse 6 a zakudya. Tikachotsa za nyemba, mazira, masamba ena ndi zipatso, tachotsa theka la maguluwo, ndipo m'banja limene nyama imaoneka kamodzi pamwezi, nandolo ndiye nyama yake. Thupi la mayi limapitirizabe kupanga mkaka podzidya lokha, koma vitamini A, mavitamini a gulu la B ndi ayodini amachepa mumkaka ngati mayi sakuwapeza. Mbatata yofiira mkati, mapapaya, maungu, bonongwe wotendera, usipa, mapeyala ndi mchere wa ayodini ndi zimene zimafunika. Ngati nyemba zikumutupitsa mayi mwini wake, azinyike usiku wonse, ataye madziwo, aphike mpaka zipse bwino.

Choopsa chili pa supuni

Mantha anga enieni sali pa mbale ya mayi, ali pa zimene timathira m'kamwa mwa mwana. Gripe water, timadzi ta m'botolo tija timagulira makanda ovutika ndi m'mimba, anayamba ku England mu 1851 ndi William Woodward, ndipo woyambirirayo munali mowa, shuga ndi soda. Ambiri a masiku ano alibe mowa, koma palibe umboni wokwanira woti amachotsa mpweya. Mwana amangokhala chete chifukwa cha kutsekemera. Madzi a zitsamba, madzi a shuga, uchi ndi phala lamadzimadzi zimatenga malo a mkaka m'kamimba kakang'ono, zimabweretsa tizilombo kuchokera m'madzi ndi pa supuni, ndipo za zitsambazo palibe amene amadziwa mlingo wake kwa chiwindi cha mwana wa makilogalamu 4. Uchi ndi woletsedwa mpaka chaka chikwane. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse lapansi la WHO ndi Unduna wa Zaumoyo amati bere lokha kwa miyezi 6, popanda ngakhale madzi. Kafukufuku wa m'Malawi monse wa 2015-16 anapeza kuti ana 61 mwa 100 aliwonse osakwana miyezi 6 ndi amene ankayamwitsidwa mwakathithi, kutsika kuchoka pa 71 mu 2010.

Kwa mayi amene ali ndi HIV nkhaniyi imalemera kwambiri. Kuyambira 2011 Malawi imapereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka, ndipo akamamwa mokhulupirika amayamwitsa bwinobwino. Koma kusakaniza bere ndi zinthu zina miyezi 6 isanakwane kumakanda matumbo a khanda n'kutsegulira kachilombo khomo. Mankhwala amene aperekedwa kuchipatala okha ndi amene mwana ameneyu amwe.

Amayi othyola tiyi ndi ena olembedwa ntchito ali ndi mtolo wawo. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, ndiye mayi amabwerera kumunda kulira kwa mwana kukadali pamwamba. Agogo otsala naye, alibe bere lomutontholera, amayamba phala. Madzulo mayi amafika mawere atatupa, mwana ali ndi njala yoopsa, mkaka n'kutuluka mwamphamvu, mpweya n'kumezedwa. Enanso amati mkaka umene wakhala m'bere tsiku lonse padzuwa wasasa, autaye. Mkaka suwonongeka uli m'bere. Chothandiza ndi kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovundikira m'mawa, umene umakhala maola 6 mpaka 8 pamalo ozizira, n'kumamwetsa mwana ndi kapu, komanso kufinyako masana kuti bere lisalimbe.

Zothandiza usiku wovuta n'zodziwika ndipo sizigulidwa. Kumuimika mwana paphewa n'kumusisita pamsana akamaliza bere kuti ageye, osaumirira ngati sakugeya. Kumugoneka chagada n'kuyendetsa timiyendo ngati wa kabaza akupalasa. Kusisita kamimba mozungulira motsata muvi wa wotchi. Kumugoneka chafufumimba padzanja kapena pachifuwa ali maso, koma pogona tulo agone chagada. Kumubereka kumbuyo n'kumayendayenda, kumene amayi athu sanadikire kuuzidwa, ndipo ofufuza a ku Montreal mu 1986 anapeza kuti makanda onyamulidwa nthawi yaitali amalira mocheperako. Mayi akafika pothedwa nzeru apereke mwana kwa bambo ake kapena kwa apongozi, atuluke apume. Mwana asagwedezedwe mwamphamvu ngakhale kamodzi, chifukwa ubongo wake umavulala.

Pali zizindikiro zimene si za mpweya, ndipo zikaoneka musadikire tsiku la sikelo. Masanzi obiriwira. Kusanza kothamanga patali nthawi iliyonse akayamwa, makamaka pakati pa masabata 2 ndi 8. Magazi m'chimbudzi. Mimba yotupa yolimba, osaphwisa, osachita chimbudzi. Kutentha thupi kapena kuzizira modabwitsa. Kukana bere, kufooka, kukomoka, kupuma mothamanga kapena nthiti kulowa mkati. Chotupa m'mphechepeche chimene sichikubwerera. Matewera onyowa osakwana 6 patsiku, kapena mzere wa m'kabuku ka sikelo umene wasiya kukwera. Mchombo wotukuka mwana akamalira umaopsa maso chabe: kawirikawiri umatsekeka wokha, ndipo kumangirirapo ndalama yachitsulo kumangoyambitsa zilonda.

Kwa mlamu wanga sindinatsutsane ndi anganga pamaso pa anthu, si mwambo wake. Ndinawapempha kuti tsiku la sikelo apite nawo, akafunse okha. Namwino anaona mmene mwana ankagwirira bere, anamutembenuza kuti mimba igundane ndi ya amake, ndipo kaphokoso kaja kanatha pomwepo. Anawaonetsa mzere wa m'kabuku ukukwera bwino, ananena kuti tiyi atsike pa makapu awiri, ndipo anafunsa kuti, "Anganga, inu pa ana anu onse aja munkadya ndiwo yanji nthawi ya nandolo?" Anganga anaseka osayankha. Madzulo ake mlamu anadya nandolo mbale yodzaza. Mwana analirabe usiku umenewo, ndi masabata ena angapo otsatira, ndipo analeka cha kumapeto kwa Okutobala. Kabichi yekha ndiye sanaloledwe pakhomopo mpaka mwana atayamba phala, ndipo anganga mpaka lero amati chinathandiza n'chimenecho.